Kalata yochokera ku Aswan

Mdzukulu wanga wokondedwa Tadala,

Ndikhulupirira kuti uli bwino pamodzi ndi amayi ndi abambo ako. Ndikulemba kalata ino ndili mumzinda wa Aswan, kummwera kwa dziko la Egypt, m'mphepete mwa mtsinje wa Nile, ndipo ndikufuna ndikufotokozere za malo amene anthu akale a dziko lino ankasemako miyala yomangira akachisi ndi manda a mafumu awo.

Malowo ndi thanthwe lalikulu la mwala wofiirira wotchedwa granite, ndipo pakati pake pagona chipilala cha mwala umodzi, chambali zinayi ndi chosongoka kunsonga, chotalika pafupifupi mamita 42 chimene sichinamalizidwe. Pamwamba ndi m'mbali mwake anasema kale, koma kunsi kwake chikadali chogwirana ndi thanthwe. Chikanati chiimikidwe, chikanalemera matani oposa 1,000 ndipo chikanaposa zipilala zonse za mtundu umenewu zimene anthuwa anaimika. Tsoka ilo, ntchito ili mkati mwalawo unachita ming'alu, amisiri n'kuusiya pomwepo. Ming'aluyo ndaiona ndi maso angawa, ndipo ndawamvera chisoni anthu amene anakhetsera thukuta pamenepo.

Chimene chandizizwitsa kwambiri ndi zida zawo. Zida zachitsulo zotha kudula granite analibe, choncho ankatenga miyala yobulungira yakuda ya dolerite, yomwe ndi yolimba koposa, n'kumamenya nayo thanthwe ngati mmene amayi ako amasinjira chimanga mumtondo, mpaka mwala utasanduka fumbi pang'onopang'ono. Ndanyamulako umodzi ndi manja awiri, ndipo ndi wolemera ndithu. Kuzungulira chipilalacho kuli ngalande yopapatiza imene amuna ankakhalamo mothithikana pogwira ntchito, ndipo m'makoma mwake mwatsala timaenje tosalala tondondozana, tosonyeza pamene mwala unkagwera. Uganizirenso kuti kuno dzuwa limaswa mtengo, moti m'miyezi yotentha kutentha kumapitirira madigiri 40.

Zipilala zina zinatheka bwinobwino. Mfumu yachikazi Hatshepsut, imene inalamulira zaka pafupifupi 3,500 zapitazo, inalembetsa kuti zipilala zake ziwiri za ku kachisi wa Karnak anazisema kuno kwa miyezi 7 yokha, ndipo chimodzi chikadali chiimire mpaka lero. Ankazikweza m'maboti akuluakulu amatabwa n'kutsika nazo ndi mtsinje. Miyala ina ya kuno inakafika mpaka ku Giza, mtunda wa makilomita pafupifupi 800, kumene anamangira chipinda cha mfumu Khufu m'kati mwa piramidi yaikulu.

Ndajambula zithunzi za ngalandeyo ndi za miyala yosemera kuti tidzazione limodzi ndikabwerako. Pakadali pano upemphe aphunzitsi ako kuti akusonyeze Aswan ndi Giza pa mapu a Africa, ulondole mtsinje wa Nile ndi chala kuchokera kummwera kupita kumpoto, ndipo udzandiuze mizinda imene wadutsa. Upereke moni kwa onse kunyumba.

Ndine agogo ako okukonda.