Chamba chachifupi ndicho choyenera kunyanja

A Mkonzi,

Alimi a kunyanja amene ali ndi chiphaso cholima chamba pansi pa lamulo la 2020 aganizire mbewu yaifupi yokhala ndi mtundu wa chamba wotchedwa ruderalis. Kawirikawiri siipitirira mita imodzi, choncho mwera suithyola msanga. Imachita maluwa pakatha sabata zitatu kapena zinayi, kaya dzuwa litalike kaya lifupike, ndipo imakhwima m'masiku 70 mpaka 90.

Dzalani pamalo pomwe idzakhwimire. Mukaiokera, muzu waukulu umavulala, mbewu nkupinimbira, ndipo ilibe nthawi yochira. Yuleya wambiri amafewetsa tsinde. Mpanda waudzu ukhale kumwera kwa munda, koma wamipata, chifukwa mpweya ukaima maluwa othithikanawo amachita nkhungu mkati, kunja akuoneka bwinobwino. Muziwatsegula ndi chala nkuyang'ana.

Ife,
Alangizi a zaulimi, Nkhotakota