Kalata yoyamikira kampani yomwe yatithandiza pa malipoti a ma autoclave athu

Wolemekezeka a Manijala,

Ndikulemba m'malo mwa anzanga onse a m'gawo loyeretsa zipangizo za ku fiyeta pachipatala chathu chino, kukuthokozani chifukwa cha mmene ofesi yanu yatithandizira pa pulogalamu yolembera malipoti a mayeso a ma autoclave (makina ophera tizilombo pa zipangizo ndi nthunzi yotentha) ndi makina otsukira zipangizo. Autoclave yathu yaikulu, yomwe tinaiimitsa chifukwa lipoti linkanena kuti yalephera mayeso, yayambanso kugwira ntchito, ndipo mapepala ake asainidwa kale. Kunena zoona, pomwe tinkatumiza dandaulo lathu sitinkayembekezera chilichonse. Makutu athu anali atakonzekera kumva zomwe tinazolowera: bwana watuluka, imbaninso mawa, imelo ija sitinaione, tumizani ina.

Kukayikira kumeneku anatiphunzitsa ndi ena. Kampani yomwe inatigulitsa data logger (kachipangizo kolemba kutentha ndi pulesha pa nthawi ya mayeso) ndi pulogalamu yakale inali yokoma pakamwa mpaka tsiku lomwe ndalama zinalowa. Laisensi itatha, pulogalamu yawo inakana kutsegula ngakhale mafayilo a mayeso omwe tinachita kale, ngati kuti mbiri ya makina a chipatala ndi katundu wawo. Tikaimba foni, wogulitsa ankati ndi nkhani ya injiniya, injiniya ankati ndi nkhani ya ku likulu lawo kunja, likulu osayankha. Ankangotiponyerana ngati chikulunga. Choipitsitsa chinali malipoti awo. Pepala linkatuluka ndi gilafu yokongola komanso mawu oti makina apambana, koma losaonetsa malire omwe agwiritsa ntchito, losaonetsa nambala ya thermocouple (waya woyezera kutentha) iliyonse, losaonetsa tsiku lomwe logger inayezedwa komaliza. Oyendera zipatala akafunsa kuti kupambanaku kwachokera pati, panalibe choloza. Mapeto ake tinkakopera manambala pamanja kuika mu Excel, ndipo aliyense amene anagwirapo ntchito imeneyi akudziwa kuti pa mizere mazanamazana, maso akatopa, 134.2 sachedwa kusanduka 143.2.

Ndifotokoze vuto lomwe tinabwera nalo kwa inu kuti muone kukula kwa zomwe wantchito wanu anachita. Tinkachita mayeso a kutentha a katundu wochepa monga momwe EN 285, muyezo wa ku Ulaya wa ma autoclave aakulu, imanenera. Paketi yoyesera ndi ya nsalu za thonje zolemera 7 kg. Ma thermocouple 5 amalowa m'kati mwa paketiyo, imodzi imakhala pa drain (potulukira madzi), ina imalendewera 50 mm pamwamba pa paketi, ndipo logger imalemba kutentha ndi pulesha sekondi iliyonse. Kuti makina apambane pa saiko (ulendo umodzi woyeretsa) ya 134°C, kutentha kwa pa drain ndi kwa m'kati mwa paketi kuyenera kukhala pakati pa 134°C ndi 137°C kwa mphindi 3 zathunthu, osasiyana kupitirira 2°C. M'kati mwa paketi musachedwe kufika pa 134°C kupitirira masekondi 15 kuchokera pomwe drain yafikapo, ngati chemba (m'kati mwa autoclave moikamo katundu) sichiposa malita 800. Chachikulu kuposa apo chimapatsidwa masekondi 30. Pamwamba pa zonsezi pulogalamu imatenga pulesha ya m'chemba n'kuwerengera kutentha komwe nthunzi yeniyeni iyenera kukhala nako pa pulesha imeneyo, ndipo nambala imeneyi nayonso iyenera kugwirizana ndi ma thermocouple m'malire omwewo a 2°C.

Apa ndi pomwe zinkasokonekera. Ma thermocouple ankagwirizana okhaokha, koma mzere wa kutentha kowerengera kuchokera pa pulesha unkayenda pamwamba pawo nthawi yonse, ndipo pena kusiyanako kunkadumpha 2°C. Kwa ife chithunzi chotere chimatanthauza chinthu chimodzi choopsa: mpweya watsalira m'chemba. Mpweya umakweza pulesha koma suwonjezera kutentha, ndipo pomwe wabisala nthunzi sifikapo, tizilombo timapulumuka. Komabe Bowie-Dick ya m'mawa uliwonse (pepala loyesera ngati mpweya wachoka ndipo nthunzi yalowa ponseponse), ya 134°C kwa mphindi 3.5, inkasintha mtundu bwinobwino pepala lonse, popanda kuyera pakati. Timabotolo ta tizilombo toyesera ta Geobacillus stearothermophilus, tomwe tinaika mu autoclave, sitinkamera kanthu titafundiridwa pa 55°C mpaka 60°C. Ma thermocouple tinawayeza mu dry block (chipangizo chotsimikizira kuti akuwerenga kutentha molondola) tisanayambe komanso titamaliza, ndipo sankasiyana kuposa theka la digiri. Umboni wina unkati makina ali bwino, lipoti linkati ayi. Zikatero sitiyerekeza kutulutsa mapaketi, choncho zipangizo za opareshoni, kuphatikizapo za amayi obereka ndi mpeni, zinkadikirira ka autoclave kakang'ono, ndipo mndandanda wa ku fiyeta unkachedwa.

Amene anatiyankha ndi mayi wina wa m'gulu lanu lothandiza makasitomala. Dzina lawo sindilemba pano poti kalatayi aiwerenga anthu ambiri, koma mukaona nambala ya dandaulo lathu muwadziwa. Titangolonjerana anati tidule foni aimbe iwowo, kuti mayunitsi athu asathe. Mwina kwa inu n'zazing'ono, koma foni ya m'gawo lathu timaika mayunitsi mosonkherana, ndipo palibe kampani ina yomwe inaganizirapo zimenezo. Anaimbadi pasanathe nthawi. Sanatiwerengere mafunso a papepala aja oti mwayesa kuzimitsa kompyuta n'kuyatsanso. Anapempha mafayilo enieni ochokera mu logger, osati PDF, pamodzi ndi satifiketi ya sensa ya pulesha. Kenako anakhala chete pang'ono akuwerenga, ife tikumva kulira kwa kiyibodi, n'kutifunsa funso lomwe poyamba linatidabwitsa: kodi chipatala chathu chili pamalo okwera bwanji kuchokera pa nyanja yamchere?

Anatifotokozera modekha, osatichititsa manyazi. Satifiketi inkaonetsa kuti sensa yathu ndi ya mtundu wa gauge, yomwe imayeza pulesha moyerekeza ndi mpweya wa panja. Pulogalamu imafuna pulesha yonse, ya absolute, ndiye imawonjezera pulesha ya panja pa nambala ya sensa. M'masetingi omwe tinachoka nawo ku kampani yakale ija munalembedwa 1013 mbar, yomwe ndi ya m'mbali mwa nyanja yamchere. Dera lathu lino, monganso Lilongwe ndi Blantyre, lili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,000, komwe pulesha ya panja imakhala cha m'ma 900 mbar. Nthunzi ya 134°C imakhala pa 3 bar ndi pang'ono, ndipo pamenepo 100 mbar iliyonse imasuntha kutentha kowerengerako ndi 1.1°C. Ndiye kuti pulogalamu inkakweza mzere uja ndi digiri yathunthu ndi kachidutswa, n'kungotsala pang'ono kuti kusiyana kwachibadwa kwa m'chemba kumalize 2°C. Mnzathu wa ku Nsanje, komwe kuli kotsika, sangalione n'komwe vuto limeneli. Wa ku Dedza lingamusautse kuposa ife. Omwe anaika nambalayo anakhala m'chipinda chathu tsiku lonse, kumwa tiyi wathu, osadzifunsa kuti ali dziko liti.

Mayiwa anawonjezera chenjezo lomwe tikanaphonya. Anati tisatenge pulesha ya panja pa foni kapena pa lipoti la zanyengo, chifukwa imeneyo imakhala yosinthidwa kale kuti ifanane ndi ya pa nyanja, ndipo tikanabwezeranso nambala yolakwika yomweyo. Tiwerenge barometer (choyezera pulesha ya panja) yoyezedwa bwino m'chipinda momwemo tsiku la mayeso, tilembe nambalayo mu lipoti, ndipo tikadzapeza ndalama tigule sensa ya absolute nkhani ithe.

Tili m'kati mokonza masetingi magetsi anathima, intaneti n'kuduka. Tinayang'anana, tikudziwa kuti kwatha, mawa tiyambirenso kufotokoza kwa munthu wina. Nthawi yoweruka inali itakwananso. Jenereta itangolira foni inalira nayo: anali iwowo, akufunsa ngati kompyuta yadzuka ndiponso ngati fayilo lomwe tinatsegula silinawonongeke. Anadikira mpaka rauta itayaka, n'kupitiriza pomwe tinalekera, osaonetsa kutopa m'mawu. Mnzathu wamng'ono yemwe wangoyamba kumene ntchito anafunsa kawiri kusiyana kwa gauge ndi absolute, ndipo anamuyankha kawiri konse, kachiwiriko mwa njira ina, mpaka mwanayo anajambula yekha papepala n'kumvetsa. Pomaliza anatumiza uthenga waufupi wolemba zomwe tasintha ndi chifukwa chake, kuti tiike m'fayilo la makinawo. Palibe amene anawapempha.

Chomwe chinatikhazika mtima pansi kwambiri n'chakuti sanakhudze manambala ochokera mu logger ngakhale imodzi. Lipoti lolephera lija lilipobe. Latsopano linatuluka ngati lachiwiri, likuonetsa amene wasintha setingi, nthawi yake, nambala yakale, yatsopano ndi chifukwa. Anatiuzanso kuti tibwereze mayeso onse ndi setingi yolondola tisanatulutse makinawo, osadalira kuwerengeranso kokha. Tikudziwa anthu ena omwe akanangokankha malire pang'ono kuti pepala lilembe kuti zapambana, kasitomala asiye kuvuta.

Sanalekere pomwepo. Poyang'ana mafayilo athu a m'mbuyo anaona kuti zotsatira za leak test zikukwera sabata ndi sabata, ngakhale zinali zisanadutse malire. Mayeso amenewa timakoka mpweya m'chemba chopanda kanthu mpaka 70 mbar kapena kutsikirapo, n'kutseka mavalavu, kudikira mphindi 5 kuti zikhazikike, kenako kuyeza kukwera kwa pulesha kwa mphindi 10. Isapitirire 1.3 mbar pa mphindi, kutanthauza 13 mbar pa mphindi 10 zonsezo. Pamapepala osiyanasiyana a sabata iliyonse kukweraku sikunkaoneka, koma pulogalamu yanu itaika zonse pa gilafu imodzi kunaonekera poyera. Anatilangiza kuti tiyambe taonetsetsa kuti chemba n'chouma, chifukwa madzi otsalira akamasanduka nthunzi amanamiza kuti pakulowa mpweya, kenako tione polowera mawaya a thermocouple ndi gasiketi ya chitseko. Injiniya wathu ataivula gasiketiyo anaipeza itauma gwa, ili ndi mng'alu pakona yapansi pomwe timadzi timadikha. Ikanatipeza pakati pa sabata yodzaza ndi maopareshoni.

Za makina otsukira ndingonena mwachidule. ISO 15883, muyezo wa makina amenewa, imayeza kupha tizilombo ndi madzi otentha pogwiritsa ntchito A0, nambala yophatikiza kutentha ndi nthawi, yomwe imawerengedwa kuyambira pa 65°C kupita m'mwamba. A0 ya 600 ndi 80°C kwa mphindi 10 kapena 90°C kwa mphindi imodzi, ndipo ya 3000 ndi 90°C kwa mphindi 5. Pulogalamu yanu imawerengera sensa iliyonse payokha n'kuweruza ndi yotsika kwambiri, yomwe kwa ife nthawi zambiri imakhala ya pa chipangizo cholemera pakona ya shelefu yapansi. Malipoti akale aja ankatenga avereji, moti sensa yozizira inkabisala kumbuyo kwa zinzake. Tayamikiranso kuti pali malo olembapo zotsatira za mayeso a zotsalira za magazi ndi mapuloteni, chifukwa A0 yabwino sinena kanthu za magazi ouma omwe akanirira pa mfundo za fosepusi.

Za laisensi, makiyi ndi kusamutsa mafayilo akale, zonse zinayenda mwa njira zanu kumeneko. Ife tinangoona m'mawa kuti zatseguka, popanda fomu yodzaza kapena invoisi yodzidzimutsa. Ena omwe amagulitsa zipangizo m'zipatala akawerenga kalatayi adzizindikira okha, ndipo sitikana kuti tikufuna atero.

Tili ndi zopempha, poti tsopano tikudziwa kuti mumamva. Magetsi akathima wotchi ya pulinta ya autoclave imasiyana ndi ya logger, ndipo kufananiza nambala ya saiko ndi fayilo kumavuta. Pulogalamu itamatichenjeza mawotchi akasiyana zingatithandize. Itamatikumbutsanso satifiketi ya logger kapena ya dry block ikatsala pang'ono kutha, chifukwa kutumiza zipangizozi kukayezedwa kumatenga nthawi. Ndipo pomwe munthu akuika sensa ya gauge, pulogalamu izikana kupitirira mpaka alembe pulesha ya panja ya tsikulo. Mayeso a pachaka a ubwino wa nthunzi akuyandikira, aja a mpweya wosasanduka madzi wosaposa 3.5%, kuuma kwa nthunzi kosachepera 0.95 ndi superheat (kutentha kopitirira kwa nthunzi) yosaposa 25°C, ndipo tidzafuna thandizo pokonza malipoti ake.

Koposa zonse tikupempha kuti kalatayi ifike kwa mayi aja komanso ilowe m'fayilo lawo la ntchito. Pamene mukuganizira zokweza anthu, muwakumbukire, koma chonde musawachotse pa foni msanga tisanamalize mayeso a pachaka.

Ine wanu,
Mkulu wa gawo loyeretsa zipangizo za ku fiyeta,
m'malo mwa ogwira ntchito onse a m'gawoli