Si matenda onse a soya amene ali chiwawu

Akonzi,

Ndiloleni ndidandaule pang'ono za soya, chifukwa chaka chino ndataya ndalama ndikuona.

Ndimalima ekala imodzi kuno ku Mitundu. Mu Januwale, soya atangotha mwezi, ndinaona mizere ina yapinimbira. Masamba ake anali okwinyika ngati chikhatho cha agogo, m'mphepete mopindikira pansi, ndipo anali amawangamawanga, pena obiriwira kwambiri, pena otumbuluka. Chiwawu chija cha 2023 chinatiliza ambiri, choncho sindinafunse kawiri. Ndinathamangira kwa wogulitsa mankhwala, iye osaona n'komwe tsamba lomwe ndinanyamula, n'kundipatsa botolo la mankhwala a chiwawu. Ndinapopera kawiri konse. Soya ali chipinimbirire.

Alangizi atabwera anangotembenuza tsamba limodzi n'kundiuza kuti iyi ndi vayirasi ya mozeiki. Chiwawu chimayambira masamba am'munsi, ndipo kunsi kwa tsamba kumakhala timadontho tofiirira tokhala ndi kafumbi. Chimenecho mankhwala amachigwira mukafulumira. Vayirasi ilibe mankhwala, ngati kadukutu wa mtedza uja. Imafalitsidwa ndi nsabwe za mbewu: nsabwe ikalawa chomera chodwala n'kukatera pa chabwino, m'kamphindi yapatsira kale. Ndiye ngakhale mupopere mankhwala ophera tizilombo, nthawi zambiri mwachedwa. Chomwe ndikanachita n'kuzula zodwalazo zikadali zochepa.

Chondipweteka kwambiri n'chakuti matendawa amakhalanso m'mbewu. Yanga ndinagula pamsika, yoyeza m'beseni, poti inali yotsika mtengo. Njere zina zinali ndi zipsera zofiirira kuchokera pakaso kaja, ngati wazithira tiyi. Mayi a kunyumba anaziona n'kufunsa, ine n'kuwayankha kuti ndi fumbi chabe. Pano sandipatsa mpata, amandikumbutsa m'mawa uliwonse.

Malo ofufuzira za ulimi a Chitedze ali pompano m'boma lathu lino la Lilongwe, ndipo akatswiri a soya ali komweko. N'chifukwa chiyani mlimi wa ku Mitundu akudziwira kusiyana kwa matendawa mbewu itapita kale? Tipatseni zithunzi m'masitolo a zipangizo zaulimi, mulankhule pa wailesi mvula isanagwe, ndipo ogulitsa mankhwala nawonso aphunzitsidwe kuyang'ana tsamba asanatambasule dzanja.

Soya wa chaka chino ndigulitsa yense, sindisungako mbewu ngakhale chitini chimodzi.

Mlimi wa soya,
Mitundu, Lilongwe