Tiuzeniko za Mpikisano wa Malupanga ku Dakar

Akonzi,

Tsamba lanu la zamasewera ladzaza ndi mpira wa miyendo ngati kuti masewera ena onse anathera m'madzi. Chikhalirecho, kuyambira pa 31 Okutobala mpaka 13 Novembala 2026, mzinda wa Dakar ku Senegal ukulandira masewera a Olimpiki a achinyamata. Aka ndi koyamba kuti mwambo wa Olimpiki uchitikire kuno ku Africa. Masewera a achinyamatawa anayambira ku Singapore mu 2010, kenako Nanjing ndi Buenos Aires.

Ine ndikupemphako za fencing, mpikisano wolasana ndi malupanga opyapyala. Ndinawaonera pa foni ya mdzukulu wanga, ndipo poyamba ndinkangoti ana akuseweretsa imfa. Ayi ndithu. Amavala chigoba cha waya kumaso ndi zovala zolimba zoyera, n'kuima pa kanjira kotalika mamita 14. Lupanga likangokhudza mnzake, nyali imayaka, chifukwa limalumikizidwa ndi magetsi. Malupangawa ndi amitundu itatu: épée, foil ndi sabre. Pa épée thupi lonse ndi lololedwa kulasa, ngakhale chala cha kuphazi! Pa foil ndi thunthu lokha, pomwe pa sabre ndi kuyambira m'chiuno kupita m'mwamba. Diso langa lokalambali linkalephera kutsata. Mdzukulu ankachita kundibwezera kanemayo.

Si masewera a azungu okha. Pa masewera a Olimpiki ku Paris mu 2024, Fares Ferjani wa ku Tunisia anatenga mendulo ya siliva, Mohamed El-Sayed wa ku Egypt ya mkuwa.

Tipatseniko ndime ziwiri zokha pa sabata nthawi ya masewerawa, ndi chithunzi chomwe.

Wowerenga wanu,
Zomba