Zoikidwa pa WhatsApp zizilembedwanso pa bolodi

Mkonzi,

Ndiloleni ndidandaule kudzera m'nyuzipepala yanu pa nkhani ya magulu a pa WhatsApp amene aphunzitsi akutsegula m'sukulu za sekondale muno mu Lilongwe.

Ndine mayi wa ana atatu, ndimakhala ku Chinsapo, ndimagulitsa kaunjika. Mwana wanga wamkazi ali Fomu 4 pa sekondale ina yoyendera ndipo akulemba MSCE chaka chino. Lolemba lapitali anabwera kunyumba nkhope itagwa. Aphunzitsi a Biology anapereka mayeso amene iye sanawadziwe, pomwe anzake ena anali atakonzeka. Uthenga unaikidwa pa gulu Lamulungu madzulo. M'nyumba mwathu foni ya intaneti ndi imodzi, yangayi, ndipo tsikulo ndinali nayo ku maliro ku Mitundu. Ikanakhala pakhomo sizikanathandizabe, bandulo inali itatha Lachisanu.

Sindikunyoza foni ayi. Sukulu zitatsekedwa mu Marichi 2020 chifukwa cha Covid-19, mchimwene wake wa mwanayu anapulumukira pa WhatsApp yomweyi. Aphunzitsi ake a masamu ankajambula njira yowerengetsera papepala n'kutumiza, kwinaku akufotokoza ndi mawu, mpaka a Fomu 4 anabwerera m'kalasi mu Seputembala. Ngakhale lero, pamene buku limodzi ana akuligwirira m'magulu, chithunzi cha tsamba chimatsika mtengo kuposa fotokope. Ndaonanso kuti mwana wanga, amene m'kalasi sangakweze dzanja olo mutamulonjeza chiyani, pa foni amafunsa mafunso.

Vuto ndi loti gulu lija layamba kulowa m'malo mwa kalasi. Manotsi, ntchito yakunyumba, mapepala a mayeso akale, tsiku la makeup, zonse "onani pa gulu". Nanga mwana amene kwawo kuli foni ya mabatani yokha aone pati? Mnzake wa mwana wanga analembetsa nambala ya amalume ake amene ndi mlonda ku Area 47. Foniyo imafika pakhomo m'mawa mwanayo atapita kale kusukulu. Wina kwawo kulibe magetsi, amakatchajitsa pa sitolo. Ana amenewa mayeso a MANEB adzalemba pepala lomwelo ndi anzawo, koma wina akuphunzira masiku asanu ndi awiri pa sabata, wina asanu. Ndipo mwana sanena kuti kwathu kulibe foni. Amangokhala chete, aphunzitsi n'kumati ndi waulesi.

Palinso china chimene makolofe timangong'ung'udza pa mjigo. Mphunzitsi akakhala ndi nambala ya mwana, msewu wopita ku inbox watseguka. Ambiri mwa aphunzitsi athu ndi anthu aulemu wawo, koma uthenga wa mphunzitsi wamwamuna kwa mtsikana wa zaka 16 nthawi ya 10 koloko usiku ine sindiufuna, kaya ndi wa Biology kaya wa chiyani. Tisaiwalenso kuti mu Novembala 2020 mayeso a MSCE anaimitsidwa atabedwa, ana n'kulembanso mu Januwale 2021. Likasa limayenda m'mafoni momwemu.

Pempho langa kwa aphunzitsi aakulu ndi makomiti a makolo ndi ili: chilichonse choikidwa pa gulu chilembedwenso pa bolodi ana asanaweruke, makamaka tsiku la mayeso. Chobwera m'maganizo Lamulungu chidikire Lolemba. Pa gulu lililonse pakhale kholo limodzi kapena awiri ndi mphunzitsi wamkazi, ndipo mwana akhale ndi ufulu wosayankha uthenga wobwera pambali. Izi sizifuna ndalama ya boma, zikufuna choko basi. Ndikudziwa kuti aphunzitsi ambiri bandulo amagula ndi ndalama ya m'thumba mwawo, ndipo ndikuwathokoza, koma a Unduna wa Zamaphunziro atipatse malamulo omveka bwino m'malo moti sukulu iliyonse izichita zake.

Lachitatu ndinatseka benchi yanga n'kupita kukawaona aphunzitsi a Biology aja. Anandilandira bwino, anapepesa, ndipo anavomera kuti ana amene sanamve uthenga alembenso mayesowo. Nditafunsa tsiku, anati adzalengeza pa gulu.

Kholo lodandaula,
Chinsapo, Lilongwe