Atolankhani, muziuwerenga ulosi wa mvula mpaka pa manambala

Akonzi,

Nthambi yoona zanyengo ndi kusintha kwa nyengo ikangotulutsa ulosi wa mvula ya dzinja cha mu September, mitu ya nkhani imathamangira kunena kuti "kukubwera chilala" kapena "mvula ichuluka". Ulosiwo sulankhula motsimikiza chonchi.

Kapangidwe kake ndi aka. Akatswiri amatenga mvula yomwe inagwa m'dera pa zaka 30, pano kuyambira 1991 mpaka 2020, n'kusanja zakazo m'magulu atatu: khumi za mvula yochepa, khumi zapakatikati ndi khumi za mvula yochuluka. Popanda chizindikiro china, gulu lililonse limakhala ndi mwayi wa 33 peresenti. Akaona kutentha kwa madzi a m'nyanja za Pacific ndi Indian komanso zomwe makompyuta akuonetsa, amasuntha manambalawo. Mayiko a SADC amayamba agwirizana chithunzi cha chigawo chonse ku msonkhano wa akatswiri a zanyengo wotchedwa SARCOF, kenako aliyense amakachiphwanya m'madera akwawo.

Tiyerekeze boma lina lapatsidwa 25 pa mvula yochuluka, 40 pa yapakatikati ndi 35 pa yochepa. Mwayi wa mvula yochepa wangokwera pang'ono kuchoka pa 33, waukulu udakali wa mvula yapakatikati, ndipo kamodzi pa kanayi mvula idzapitirira mlingo wake wapakatikati. Kulemba "chilala" apa n'kusocheretsa mlimi yemwe akuwerengera ndalama za mbewu ndi feteleza.

Chomwe chimativutitsa kwambiri ndi ichi: manambalawa amanena za mvula yonse ya miyezi itatu pamodzi, monga October mpaka December kapena January mpaka March. Sanena kagwedwe kake tsiku ndi tsiku. Mamilimita a mlingo wake atha kukwana ndithu, koma theka lake litagwa m'masabata awiri, kenako ng'amba n'kugwira chimanga chikumasula, monga zinachitikira m'madera ambiri mu February 2024. Mlimi wobzala ndi chizimalupsa poti wamva kuti "mvula ikhala yabwino" amawotcha mbewu m'nthaka.

El Niño, komwe ndi kutentha kopitirira muyezo kwa madzi a m'nyanja ya Pacific, nayenso amangopendeketsa mwayi. Kawirikawiri amachepetsa mvula kummwera, pomwe kumpoto zimasiyana. Mu March 2024 boma la Malawi linalengeza za ngozi m'maboma 23 mwa 28 chifukwa cha chilala cha El Niño, koma si El Niño aliyense amafika pamenepo. Namondwe ngati Freddy wa mu March 2023 sangaoneke mu ulosi wa September. Njira yake imadziwika kwatsala masiku ochepa.

Ulosi wa tsiku ndi tsiku umayamba kufooka pakadutsa masiku 7 mpaka 10. Wa masabata awiri mpaka anayi umangonena ngati sabatayo ikupendekera konyowa kapena kouma, ndiye musaupatse tsiku lenileni.

Pempho lathu ndi loti nkhani iliyonse izitchula dera, miyezi ndi manambala onse atatu. Mufunse a zanyengo kuti mlingo wa boma lomwe mukulembalo ndi mamilimita angati, pakuti mvula yomwe ndi yochepa ku Mulanje ingakhale yokwanira ku Nsanje. Musalekere pa nkhani ya September: tsatirani ulosi wa maboma, wa sabata ndi malipoti a masiku khumi aliwonse, ndipo ulosi ukasinthidwa pakati pa dzinja, muupatse malo omwewo patsamba loyamba.

Ife,
Ogwira ntchito zanyengo ndi zaulimi