Ana athu tikungowafunsa mapointi, za moyo wawo ayi

Akonzi,

Ndipatseniko kadanga m'nyuzipepala yanu ndidandauleko za ana athu a sekondale kuno ku Salima, chifukwa mmene ndikuonera ine tikuwathamangitsa liwiro la mtondo wadooka koma komwe akuthamangirako palibe amene wawauza, mwinanso ife makolo ndi aphunzitsi sitikukudziwa.

Zotsatira za MANEB zikangotuluka funso limakhala limodzi basi, wapeza mapointi angati. Kutchalitchi lomwelo, ku mzikiti lomwelo, pa mjigo lomwelo. Wa 12 amuika pa sitetasi ya WhatsApp banja lonse mpaka azakhali a ku Joni, wa 34 sabata yonse satuluka m'nyumba ngati waba mbuzi, chonsecho mayeso wakhoza ndithu satifiketi ali nayo. Ndipo mpikisanowu suyambira Fomu 4 ayi. Chiyambireni pulayimale yaulere mu 1994 ana anachuluka koma malo a ku sekondale sanachuluke mofanana, nde mwana wa Sitandade 8 amadziwa kale kuti mnzake wa pa desiki imodzi ndi amene angamulande malo a ku boding'i. Ena amabwereza dala kalasi kuti asapite ku CDSS. Tsiku lotsekera sukulu timaitana mayina kuyambira nambala wani mpaka wotsiriza pamaso pa mudzi wonse, kenako tidzidabwa kuti bwanji ana akubisirana manotsi.

Ine si mphunzitsi, ndili ndi kashopu ka fotokope ndi kompyuta pa Kamuzu Road pano, ndipo nthawi yofunsira malo ku mayunivesite a boma kudzera ku NCHE, bungwe loyang'anira maphunziro a ukachenjede, ikakwana ana amadzaza mpaka pakhonde. Apa mpamene ndimaonera kuti zinthu sizili bwino. Mwana wa mapointi abwinobwino amakhala pampando, ndamutsegulira mndandanda wa makosi, iye nkundifunsa kuti anti ndi kosi iti yosavuta kutengedwa. Osati ndi iti ndingaikonde, osati ikatha ntchito yake ndi yotani, ayi, yosavuta kutengedwa, bola dzina limveke kuti wapita ku koleji. Ambiri sasiyanitsa MUST ya ku Thyolo ndi MUBAS ya ku Blantyre, ena sadziwa nkomwe kuti mu 2021 UNIMA inagawidwa patatu ndipo za udokotala ndi unamwino pano zili ku KUHeS.

Mtsikana wina anabwera ndi bambo ake, bambowo atavala jekete dzuwa la Salima lomweli, pepala la zotsatira ali nalo okha mu envulopu sakufuna lipindike. Asanakhale pansi nkomwe akuti lembani udokotala, kwathu kulibe dokotala. Titayang'ana pepala lija tinapeza kuti Chemistry ndi Physics mwanayo anazisiya polowa Fomu 3, palibe anamuuza kuti posiya maphunziro awiriwo wasiyanso udokotala. Bambo aja anakhala chete kanthawi kenaka akuti nanga uloya. Ine nkufunsa mwana kuti iwe mwini wake ukufuna chani, sanandiyang'ane ine, anayang'ana bambo ake, nkuyankha kuti chilichonse. Zaka 4 ku sekondale, mapointi osachititsa manyazi, koma funso limeneli linali lachilendo kwa iye.

Ndikudziwa ena ati koma masukulu amachititsa zokambirana za ntchito. Eee amachititsa, koma liti? Temu yomaliza ya Fomu 4, ana mitu ili pa mayeso, kumabwera bwana wina wa tayi pa galimoto yabwino, nkunena kuti inenso ndinkayenda opanda nsapato limbikirani sukulu, ana kuwomba m'manja, alendo kumwa fanta, basi zatha. Chonsecho chisankho chenicheni chinachitika kale pomwe mwana amasankha maphunziro opitiriza nawo ku Fomu 3, ndipo ambiri amasankha potengera kuti mnzanga watenga chani, kapena mphunzitsi wa phunziro lakuti ndi wovuta, kapena sukulu yake ilibe labu nde sayansi amangoimva ngati nthano. M'mera mpoyamba, akuluakulu ananena. Life Skills nayo ilipo inde koma yasanduka yoloweza kuti ukakhoze mayeso, mwana akhoza kukulembera bwinobwino njira zopangira chiganizo chabwino koma chiganizo chake chimodzi sanapangepo.

Chimene chimandiwawa kwambiri ndi ichi. Ana athu ntchito amadziwa zisanu, dokotala, namwino, mphunzitsi, loya, ndi usilikali poti koleji ya asilikali ya MAFCO ili pompano amawaona. Koma tayang'anani zomwe zatizungulira. Ku Nanjoka kuli magetsi a dzuwa a mamegawati 60 omwe anayamba kugwira ntchito mu 2021, mapanelo aja alipo anthu amawasamala, anaphunzira chani? Ku Chitala ndi ku Lifuwu kuli malo a kafukufuku wa zaulimi, kuli anthu ntchito yawo ndi kuyesa mbewu ndi nthaka. Fakitale ya shuga tili nayo konkuno ndipo ina ili ku Dwangwa pamodzi ndi yopanga ethanol, mmenemo muli owotcherera, a zamagetsi, a mu labu, owerengera ndalama, oyang'anira nthirira. Mahotela a ku Senga Bay akufuna ophika ndi okonza mafiriji. Kumtunda kuno nkhalango ya Nkhotakota, chiitengereni a African Parks mu 2015, anasamutsirako njovu pafupifupi 500 kuchokera ku Liwonde ndi Majete mu 2016 ndi 2017, ntchito imeneyo inafuna madokotala a nyama, oyendetsa ndege, madalaivala a zimagalimoto zikuluzikulu, alonda a nkhalango. Mwana wa ku CDSS ya kwa Khombedza kapena kwa Pemba ndani anamuuzapo kuti ntchito zimenezi ziliko ndipo khomo lake ndi phunziro lakutilakuti?

Nanga nyanja. Apa nde timalakwa poyera. Mwana wa ku Chikombe kapena ku Chipoka akalephera samu mawu amene amamva ndi oti ukapanda kulimbikira udzakhala msodzi ngati bambo ako. Tangoganizani, fizi ya mwanayo yachokera mu usipa womwewo, yunifolomu yachokera pa thandala pomwe mayi ake amayanika nsomba, koma kusukulu akuphunzira kuti makolo ake ndi chitsanzo cha kulephera. Bambo amenewo amadziwa kuwerenga mwera ndi mpoto, amadziwa mwezi ukawala usipa suphedwa, amadziwa chifukwa chomwe mfumu Makanjira imatsekera chilumba cha Mbenji nyengo ya mvula kuti nsomba ziswane, nzeru yomwe anthu ophunzira amachita kubwera kudzaiona. Maphunziro a za nsomba alipo ku LUANAR, ku Mzuni komanso ku koleji ya ku Mpwepwe ku Mangochi, ndipo amene angawamve msanga ndi mwana yemwe wakulira pa doko, koma ife tamuuza kale kuti sukulu ndi njira yothawira kwanu. Nde akapanda kuthawa amadziona ngati munthu wotsalira.

Chimodzimodzi ntchito zamanja. Salima Technical College ili konkuno, bungwe loyang'anira maphunziro a ntchito zamanja la TEVETA linakhazikitsidwa mu 1999, makoleji a m'madera anayamba mu 2015, koma mpaka lero kholo likamanena kuti mwana wanga ali ku tekiniko limatsitsa mawu. Amati ndi kopita amene zawakanika. Koma injini ya boti ikafa pa doko eni ake amachita kusaka mekaniki ndi foni usiku, ndipo amene amadziwa kuika sola pa nyumba bwinobwino osawotcha batire safuna ntchito, ntchito ndi imene imamufuna.

Musandimve molakwa akonzi, sindikunena kuti uphungu wa ntchito ubala ntchito. Tili ndi ana a madigiri akhala pakhomo zaka, aphunzitsi ndi anamwino omaliza maphunziro amadikira boma liwalembe mpaka kutopa, achinyamata athu ena ali ku Joni ena anakwera ndege mu 2023 kukalima ku Israel. Wa ku tekiniko naye akamaliza opanda zipangizo ndi mpamba amangokhala. Zimenezo ndi za boma ndipo ndi kalata ina. Koma nchifukwa chake ndikuti kulera mwana pa mapointi okha ndi kumuika pa ngozi, poti mapointiwo tsiku lina amatha ntchito. Mwana amene kuyambira Sitandade 1 amangomva kuti ndiwe wofunika chifukwa umaposa anzako, tsiku lomwe wapezeka kuti sakuposa aliyense amasowa pogwira. Ndimawaona ine, anyamata oti anali anzeru m'kalasi pano kutacha ali pa pool, madzulo kubetcha mpira pa foni, ukawafunsa akuti tikungokankha masiku anti. Wina amapalasa kabaza ndipo ndalama amapeza ndithu, amalipirira mng'ono wake fizi, koma akaona mphunzitsi wake wakale akubwera amakhotetsa njinga kulowa njira ina. Ntchito yoti ikudyetsa banja iye akuiona ngati chilango.

Ndipo musaganize kuti amene anatengedwa aja ali pa mtendere. Amabwera pa holide kudzasindikiza ma CV, ena amandiuza okha kuti kosi ndikupangayi sindiimva olo pang'ono ndinangoilemba poti ndi imene ndikanatengedwa, nditani, ngongole ya ku loni bodi ndatenga kale, kumudzi akundiwerengera kuti ndine amene ndidzamange nyumba ya malata. Mwana wa zaka 20 wasenza mudzi wonse pamutu koma sanafunsidwepo chomwe chimamusangalatsa akamachita, chomwe manja ake amatha, vuto la kwawo lomwe limamupweteka mtima mpaka kufuna kulikonza. Ine ndikuona kuti tanthauzo la moyo lomwe ana akusakali silichokera pa kukhala nambala wani, limabwera munthu akaona kuti chomwe akudziwa chikuthandiza winawake amene akumudziwa dzina. Zimenezi kutchalitchi ndi ku madrasa amaziphunzitsa mwa njira yawo, koma kusukulu komwe mwana amakhala tsiku lonse nkhani ndi ya kuposa anzako basi.

Pempho langa kwa a maphunziro pa boma pano, mahedi ndi makomiti a makolo ndi loti nkhani za ntchito ziyambe Fomu 1 ndi Fomu 2 ana asanasiye phunziro lililonse. Ndipo oitanidwawo asakhale a tayi okhaokha, itanani mlangizi wa zaulimi, mzamba wa pa chipatala chaching'ono, mayi wa geni ya mpunga amene amatumiza matumba ku Lilongwe, wowotcherera, ndipo asabwere kudzalalikira, adzanene zoona kuti tsiku lawo limayenda bwanji, anaphunzira kuti, zinatenga zaka zingati, chowawa pa ntchitoyo ndi chani, ndalama zake zimakwana kapena ayi. Makampani ndi mahotela atizungulirawa atapemphedwa mwaulemu sindikukhulupirira kuti angakane kulandira ana angapo pa holide olo masiku ochepa kuti aone ndi maso. Ife makolo nafenso tisiye kulemba maloto athu pa fomu ya mwana, timufunse kaye ndipo akayankha zomwe sitimayembekezera tisathamangire kunena kuti zimenezo sizidyetsa.

Chinthu china chaching'ono koma chofunika, mndandanda wa makosi ndi maphunziro omwe kosi iliyonse imafuna umapezeka pa intaneti, koma mwana wa Fomu 2 wa kwa Ndindi bandulo aitenga kuti. Ukuyenera kumatidwa pa khoma la sukulu iliyonse chaka chonse, pamodzi ndi wa ku tekiniko, osati kuuona koyamba tsiku lolemba fomu. Mahedi a ma CDSS ozungulira kuno amene akuufuna adutse pa shopu, ndiwasindikizira ulere, bola abwere ndi mapepala awo chifukwa limu yakwera mtengo.

Ine wanu,
Mayi wa fotokope,
Kamuzu Road, Salima